Kodi mwana wanga ndimulande kakyuleta?

Bambo wina, amene kale ankagwira ntchito yoyeza malo, wandilembera modandaula. Mwana wawo wamkazi ali mu Fomu 3 ndipo akufuna kudzaphunzira uinjiniya, koma ngakhale kuchulukitsa 7 ndi 8 amayamba wathamangira kakyuleta. Iwo pa nthawi yawo ankagwiritsa ntchito slide rule ndi kabuku ka ma log (ma logarithm, manambala othandiza kuchulukitsa pongophatikiza), ndiye akufunsa ngati ndi bwino kumulanda mwanayo chipangizocho.

Bambo, musamulande, ngakhale nkhawa yanu ndikuimva ndithu. Mundilole ndiyambe ndafotokozera ana athu chomwe munkagwira m'manja, pakuti ambiri sanachionepo.

Slide rule inali rula ya zigawo zitatu, chapakati chikutsetsereka, ndipo pamwamba pake panali kagalasi kokhala ndi kamzere kopyapyala ngati tsitsi. Inachokera ku ma logarithm omwe John Napier wa ku Scotland anafalitsa mu 1614, ndipo patangopita zaka zochepa, m'busa wa ku England, William Oughtred, anaganiza zogundanitsa marula awiri olembedwa manambala motsatira ma logarithm amenewa. Manambala ake sanatalikirane mofanana ngati a pa rula wamba, choncho munthu akaphatikiza utali wa mbali ina ndi wa inzake, amakhala wachulukitsa. Kwa zaka zoposa 300 milatho, njanji ndi ndege zinkawerengeredwa pa kathabwa kameneka, mpaka amene anapita ku mwezi pa chombo cha Apollo 11 mu 1969 anali nako.

Kutha kwake kunali kwadzidzidzi. Mu 1972 kampani ya Hewlett-Packard inatulutsa HP-35, kakyuleta ya sayansi yolowa m'thumba, pa mtengo wa madola 395. Pofika 1976, TI-30 ya Texas Instruments inali pa madola 25 okha, ndipo makampani opanga slide rule anayamba kusiya mmodzimmodzi.

Chimene munaphunzira pa rula imeneyo, bambo, ndicho ndikufuna mwana wanu atengere kwa inu. Slide rule sinkasonyeza pomwe kadontho ka desimo kakhale. Mukachulukitsa 23.5 ndi 4.1, pansi pa kamzere kaja munkangowerenga manambala atatu, 963 kapena 964, basi. Inuyo m'mutu mwanu munkayenera kudziwa kale kuti 24 kuchulukitsa ndi 4 ndi 96, kotero yankho ndi pafupifupi 96.4, osati 9.64 kapena 964. Munkayamba mwaganizira kukula kwa yankho musanakhudze chipangizo, tsiku ndi tsiku, mpaka zinakulowani m'magazi.

Kakyuleta imaika yokha kadonthoko, ndipo ndi yolondola kuposa rula ija kutalitali. Vuto lake n'lakuti chala chikaphonya batani limodzi, imapereka yankho lolakwika mosakayika konse, ndipo mwana amene sanazolowere kuyerekeza amangokopera. Ndaonapo ophunzira akulemba kuti chipinda chogona n'chotalika mamita 400, mtima uli m'malo. Pa mayeso amataya malikisi ochepa chabe, koma injiniya kapena namwino woyeza mankhwala akalakwitsa chonchi, pamapita ndalama ngakhalenso moyo wa munthu.

Ndiye chitani chonchi. Madzulo akamalemba ntchito ya kunyumba, muzimuuza kuti asanadine batani lililonse ayambe walemba m'mbali mwa kope yankho longoyerekeza, kenako afanizire ndi la kakyuleta. Zikasiyana kwambiri, afufuze yekha pomwe palakwika. Matebulo ochulukitsa mpaka 12 awaloweze pamtima, chifukwa popanda iwo kuyerekezako sikutheka. Mufunsenso aphunzitsi ake a masamu mtundu wa kakyuleta umene umaloledwa pa mayeso a MSCE, kuti azolowere imeneyo kuyambira pano, osati ya pa foni.

Ngati slide rule yanu ikadali m'sutikesi, itulutseni Loweruka lino, mumupatse m'manja, mumusonyeze kuchulukitsa 2 ndi 3, kenako mumusiye apeze yekha 20 kuchulukitsa ndi 30 pa malo omwewo.