Kwaya, Sam Cooke ndi dzina limene ndinabisa

Mtsikana wina wandilembera imelo. Amaimba kwaya kumpingo kwawo, ndiye gulu lina loimba m'maukwati lamupempha kuti aziwatsogolera nyimbo zachikondi. Akufunsa ngati kuvomera n'kubwerera m'mbuyo pachikhulupiriro. Achemwali, imelo yanuyi ndaiwerenga katatu, chifukwa funso lomweli linandisowetsa tulo ndili ndi zaka 19.

Ndinkaimba tena m'kwaya ya achinyamata. Loweruka lina ndinakaimba pa ukwati nyimbo zitatu zachikondi, n'kulandira ndalama zokwanira nsapato. Ndinachonderera woyendetsa mwambo kuti asatchule dzina langa lenileni. Koma m'tauni yaing'ono mawu a munthu sabisika. M'mawa mwake mkulu wina wa mpingo anandiitanira kuseri kwa tchalitchi nati, "Mwana wanga, mawu amenewo si ako, ndi a Mulungu, ndipo wawagulitsa." Anandiuza kuti ndibweze yunifomu. Mayi anaichapa, anaisita bwinobwino, anaipinda n'kuiika m'jumbo, osalankhula kanthu. Kukhala chete kwawoko kumandiwawa mpaka lero. Ndinakhala zaka zisanu ndi chimodzi osatsegula pakamwa pagulu.

Amene ananditsegulanso ndi Sam Cooke, kudzera m'kaseti imene amalume anabwera nayo kuchokera ku Joni. Nditamva mawu akewo, osalala koma okhala ndi kakusasa pansi pake, ndinadziwa kuti munthuyu anakulira m'tchalitchi. Ndipo n'zoona. Anabadwa mu 1931 ku Clarksdale, Mississippi, anakulira ku Chicago, bambo ake anali abusa. Mu 1950, ali ndi zaka 19 ngati ine, analowa m'malo mwa R. H. Harris m'gulu la nyimbo zauzimu la Soul Stirrers. Ndiye tamverani ichi: atajambula nyimbo yake yoyamba yachikondi, anaitulutsa pa dzina loti Dale Cook, kuopa anthu a mpingo. Palibe amene anapusitsika. Ndimvereni, ndinalira nditadziwa zimenezi, chifukwa mantha amene ndinkayesa anga ndekha analinso ndi munthu wamkulu chotere.

Mu 1957 anasiyana ndi Soul Stirrers, n'kutulutsa You Send Me pa dzina lake, ndipo inafika pamwamba penipeni ku America. Kaimbidwe sanasinthe. Kukoka mawu kuja, kuwakweza n'kuwatsitsa ngati munthu wopempha, anatenga kutchalitchi n'kupita nako kunja, ndipo n'chimene lero timatcha soul. Otis Redding anaimbanso nyimbo zake. Aretha Franklin, nayenso mwana wa abusa, anamudziwa kuyambira ali mtsikana, ndipo anadutsa njira yomweyo.

Pano ndikana mosabisa: mkulu uja analakwitsa. Kuimbira anthu awiri amene akulonjezana pamaso pa abale awo si kugulitsa Mulungu. Ukwati umenewo anaudalitsa m'tchalitchi momwemo m'mawa, nanga madzulo udetsedwa bwanji? Timathamangitsa ana aluso ndi manyazi, kenako tizidabwa kuti kwaya yatsala ndi anthu asanu. Cholakwa changa ine chinali chimodzi, kubisa dzina, chifukwa ndinawapatsa umboni woti nanenso ndinkaona kuti n'zonyansa.

Komanso anthu amaiwala kuti Cooke sanangokhala woimba. Pa nthawi imene oimba akuda ankaberedwa masana dzuwa likuswa mtengo, iye ndi mnzake J. W. Alexander anatsegula kampani yawoyawo, SAR Records, komanso ina yosunga umwini wa nyimbo. Kumeneko anajambula Bobby Womack ndi abale ake, ndiponso a Soul Stirrers omwe aja. Sanatembenukire msana kumene anachokera. Mu 1963 hotela ina ku Shreveport, Louisiana, inamukaniza chipinda chifukwa cha khungu lake, ndipo apolisi anamumanga iyeyo. Chaka chotsatira kunatuluka A Change Is Gonna Come, nyimbo imene omenyera ufulu wa anthu akuda anaitenga kukhala yawo. Muimvetsere bwino, mundiuze ngati si pemphero. Cooke sanakhale woyera mtima, ayi, ndipo imfa yake imandipweteka: anawomberedwa pa 11 December 1964 pa motelo ina ku Los Angeles, ali ndi zaka 33 zokha.

Tsono muchite chiyani, achemwali

Pitani nokha kwa otsogolera kwaya ndi kwa abusa nkhani isanawapeze kudzera mwa ena. Auzeni nyimbo zimene mudzaimbe ndi zimene simungaimbe. Imbani pa dzina lanu. Gwirizanani za malipiro musanakwere pa nsanja, ndipo mukayamba kupeka zanu mukazilembetse ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo m'Malawi. Akakulandani yunifomu, mundilemberenso, koma musakhale chete zaka zisanu ndi chimodzi ngati ine.