Premio kapena Axio, pangozi ingakutetezeni ndi iti?

Mayi wina wa ku Mzuzu wanditumizira imelo. Akufuna kuitanitsa galimoto ku Japan yodzera ku Dar es Salaam, ndipo ndalama zawo zikukwana Toyota Premio ya 2012 kapena Corolla Axio ya 2015. Amayenda pafupipafupi ndi ana awiri pamsewu wa M1 kupita ku Lilongwe. Bambo akunyumba akuti atenge Premio poti ndi yaikulu. Mayiwo akufuna kudziwa kuti pangozi iti ingawateteze.

Mayi, ine ndingatenge Axio. Bambowo sakunama konse, Premio ndi yaitaliko komanso yolemerako, ndipo galimoto ziwiri zikawombana yolemera imapulumukako. Koma kusiyanako ndi kwa makilogalamu pafupifupi 100 basi. Chachikulu ndi zaka. Premio imeneyo mtundu wake unatuluka mu 2007 ndipo thupi lake silinasinthe, kupatula maonekedwe ena, mpaka anasiya kuipanga mu 2021, pamene Axio mukunenayo ndi ya mtundu wa 2012. Pazaka zisanu zimenezo malamulo a ku Japan anasintha.

Lamulo lofunika ndi la VSC, chipangizo chomwe chimagwira buleki tayala limodzi palokha galimoto ikayamba kuterereka pokhota. Mitundu yatsopano inakakamizidwa kukhala nacho kuyambira Okutobala 2012, mitundu yakale kuyambira Okutobala 2014. Ndiye Axio ya 2015 ili nacho, koma Premio ya 2012 ikhoza kukhala ilibe. Amene anatsikapo Chikangawa kuli nkhungu phula litanyowa akudziwa kuti ngozi zambiri zimayamba ndi kuterereka, kuwomba kumabwera pambuyo.

Ma airbag nawonso musangowerenga awiri akutsogolo aja. Ana anu amakhala kumbuyo, ndipo chowateteza mutu galimoto ikagundidwa m'mbali ndi airbag yotsika kuchokera kudenga ngati katani. Pa Premio zambiri wogula woyamba ankachita kuwonjezera ndalama kuti amuikire. Uzani wogulitsa ajambule chipilala cha pakati pa zitseko ndi m'mbali mwa mpando, muone ngati palembedwa SRS AIRBAG.

Ogulitsa adzakukopani ndi Toyota Safety Sense C, yomwe inayamba kuikidwa mu Axio mu 2015. Ili ndi kamera kuseri kwa kagalasi koyang'anira kumbuyo ndipo imamanga mabuleki mukatsala pang'ono kugunda galimoto yakutsogolo. Ndi yabwino, koma si Axio iliyonse ya chaka chimenecho ili nayo, komanso yoyambayo sinkazindikira anthu oyenda pansi. Wakabaza wodutsa mwadzidzidzi pa Jenda muyenera kumuona nokha.

Tsono zonsezi zimatha ntchito ngati galimotoyo inachitapo ngozi. Pemphani auction sheet, pepala lofotokoza mmene galimotoyo inalili poigulitsa pa okishoni ku Japan. Mukaona giredi R kapena RA, dziwani kuti inagundapo n'kukonzedwa, ndipo chitsulo chowongoledwa sichipindika mwadongosolo lija anachiyesera a JNCAP, oyesa chitetezo cha galimoto ku Japan, pochimenyetsa pa liwiro la makilomita 64 pa ola. Ikafika, tembenuzani kiyi musanalize injini: kanyali ka airbag kayenera kuyaka masekondi angapo kenako kuzima. Kakapanda kuyaka n'komwe, mwina pali wina anakazimitsa dala kuti abise vuto. Zimachitika, ndipo makaniko aliyense wa magetsi a galimoto akuuzani.

Chinanso ndi ma airbag a kampani ya Takata, omwe ena ankaphulika n'kumwaza tizitsulo kumaso kwa woyendetsa. Mankhwala ake amawonongeka msanga kotentha ndi kwachinyontho, ndiye ngati mumatsikira ku Nkhata Bay nkhaniyi ikukukhudzani. Galimoto zambiri za Toyota zinaitanidwa kukasinthidwa. Lembani nambala ya chassis pa webusaiti ya Toyota ya ku Japan musanalipire, idzakuonetsani ngati pali chomwe sichinakonzedwe.

Ndalama yotsala mugulire matayala anayi atsopano ndi mipando ya ana yomangirira kumbuyo. VSC singagwire msewu ndi matayala akaunjika osalala.