Imelo yopita kwa munthu woti kulibe, seva iilandire kapena iikane?

Achimwene ena amene amaona za makompyuta pa kampani ina ya hadiweya ku Limbe andilembera. Akuti seva yawo ndi ya Ubuntu, ili ndi Postfix, pulogalamu yolandira ndi kutumiza maimelo, ndiye abwana alamula kuti imelo iliyonse yobwera pa domain yawo, dzina lija lobwera pambuyo pa @ mu adilesi, kaya dzina lalakwika kaya mwini wake anasiya ntchito kalekale, izigwera mu inbox ya abwanawo, kamba koti oda ina inawadutsa kasitomala atalemba mphili@ m'malo mwa mphiri@. Akufunsa kuti apange bwanji.

Zimatheka achimwene, amati catch-all. Mu main.cf, fayilo ya makonzedwe a Postfix, muyike virtual_alias_maps = hash:/etc/postfix/virtual, kenako mu fayilo ya virtual mulembe @domain yanu, mpata, adilesi ya abwana, ndiye postmap /etc/postfix/virtual ndi postfix reload. Koma pali msampha, anthu enieni amene ali ndi ma akaunti muwalembenso mufayilomo aliyense kuloza kwa iye mwini, apo ayi mzere wa @ uja umeza zonse, ma invoice a ku accounts mpaka mauthenga a anthu ndi azikondi awo zonse phuu kwa abwana. Njira ina ndi luser_relay, koma imafuna local_recipient_maps isiyidwe yopanda kanthu.

Nanga ine ndingachite zimenezo? Ayi. Anthu a spam aja samadziwa amene amagwira ntchito kwa inu, amangoponya mayina mwachisawawa, john@, sales2@, info1@, mazanamazana, kuyesa mwayi. Seva ikamavomera dzina lililonse ndiye kuti dzina lililonse lakhala lenileni, ndipo pakatha mwezi abwana omwewo ndi amene adzakuitaneni kuti mwaononga imelo yawo, oda ija ili penapake pakati pa zinyalala.

Postfix mmene imabwerera imachita kale zoyenera. Seva yakunja ikati RCPT TO ndikutchula dzina la wolandira uthenga, Postfix imayang'ana pa mndandanda wa ma akaunti, ikapanda kulipeza imayankha pomwepo 550 5.1.1 User unknown, uthenga usanalowe n'komwe. Kasitomala uja amalandira chidziwitso posachedwa kuti adilesi yalakwika, amaimba foni kapena kulembanso, nkhani yatha.

Choopsa kwambiri ndi chapakatikati, kulandira kaye uthenga ndiye pambuyo pake n'kuzindikira kuti munthuyo kulibe n'kuubweza. Zimachitika kawirikawiri pomwe Postfix ili kutsogolo ngati mlonda wa pa geti, ma inbox ali pa seva ina mkati, monga Exchange ya Microsoft. Mlonda sadziwa mayina, amangolowetsa, seva yamkati ikukana, ndiye Postfix imalemba bounce, chidziwitso choti uthenga sunafike, kupita ku adilesi ya wotumiza, yomwe pa spam imakhala yabodza, ya munthu wosalakwa woti sanakulembereni. Imeneyo ndiye backscatter, ndipo ikachuluka IP yanu, nambala ya seva yanu pa intaneti, imalowa pa blacklist, mndandanda wa ma seva amene makalata awo amakanidwa, mumangoona ma quotation anu sakufikanso kwa makasitomala. Ngati seva yanu ili chonchi muyike relay_recipient_maps yokhala ndi mayina onse enieni, kapena reject_unverified_recipient kuti Postfix izifunsa kaye mkati.

Vuto la abwana lija lili ndi mankhwala ake osavuta. Tsegulani /var/log/mail.log, musake mawu oti User unknown, muona nokha mayina amene anthu amaphonya. Ambiri ndi zinyalala koma mupezamo athu aja a l ndi r, Chirwa ndi Chilwa, Phiri ndi Phili, nanga si ife timalemba mmene tikumvera. Amenewo apangireni alias, dzina lolakwikalo liziloza ku adilesi yeniyeni, mzere umodzi aliyense. Amene anasiya ntchito adilesi yake ilozeni kwa amene analowa m'malo mwake kwa miyezi ingapo. Postmaster@ yokhayo isasowe, RFC 5321 ya 2008, chikalata cha malamulo a kayendedwe ka imelo, imafuna kuti izilandira makalata pa domain iliyonse.

Tsiku lomwe mukusintha zimenezi, muyambe mwaika unknown_local_recipient_reject_code = 450. Nambala ya 450 imauza seva yotumiza kuti iyesenso nthawi ina, ndiye ngati mwaiwala wina pa mndandanda kalata yake siitayika, ibweranso mukakonza. Mukaona mu log kuti zili bwino mubwezere pa 550, osaiwala, chifukwa mukaisiya pa 450 kasitomala wolakwitsa dzina akhoza kudikira mpaka masiku 5 asanauzidwe kuti uthenga wake sunafike.