Funsani Mlangizi: Ndachotsa ma #include osafunika, nanga patch yanga aikaniranji?

Akulu, ndine wophunzira C++ ndipo ndinafuna kuthandizako pulojekiti ina yaikulu ya open source imene ndimagwiritsa ntchito. Popeza khodi yozama sindinaizolowere, ndinasankha ntchito yooneka yopepuka: kuchotsa mizere ya #include imene ikungokhalapo. Ndinalemba ka script kamene kamachotsa mzere umodzi n'kuyesa kumanga pulogalamu. Ikamangika, mzerewo ndiye wapita basi. Zonse zinayenda bwino pa kompyuta yanga ya Linux, ndipo ndinatumiza patch (mtolo wa zosintha mu khodi) imodzi yokhudza mafayilo ambirimbiri. Oyang'anira aikana, akuti ndi yoopsa komanso sangathe kuiwerenga. Kodi kumeneku si kuuma mtima chabe? Mzere wosagwira ntchito ungapweteke ndani?
— Wongoyamba Kumene

Mbale wanga, mundikhululukire, lero ndiima kumbali ya oyang'anirawo. Ntchito mwasankhayi si yachibwana ayi. Chimene chakutayitsani ndi muyeso umene mwaweruzira kuti mzere uwu ndi wosafunika.

Tiyambe ndi chimene #include imachita, chifukwa ambiri timailemba tsiku ndi tsiku osaiganizira. Compiler isanayambe n'komwe kumasulira khodi yanu, preprocessor (gawo loyamba la compiler) imatenga header yonse, kutanthauza fayilo imene mwaitchula pa #include, n'kuimata pamene panali mzerewo, osasiyapo liwu. Ngati header imeneyo ikuitana ena khumi, onsewo amabwera, limodzi ndi amene iwonso akuitana. Yesani nokha: lembani kapulogalamu ka mizere isanu kokhala ndi #include <iostream>, kenako muyendetse g++ -E kafayilo.cpp | wc -l. Mupeza mizere masauzande ambirimbiri. Ndiye chintchito chimenechi chimabwerezedwa pa fayilo iliyonse ya .cpp payokhapayokha. Include guard ndi #pragma once zimangoletsa header kulowa kawiri m'fayilo imodzi, sizipulumutsa kanthu pamene mafayilo mazanamazana akuwerenga header yomweyo aliyense payekha. Ndipo chimene chimandiwawa kwambiri ine ndi ichi: mukasintha mzere umodzi mu header, make kapena ninja imamanganso fayilo iliyonse imene ikuidalira, ngakhale ija imene inangoitchula popanda chifukwa. Mwakonza ndemanga chabe, koma mukudikira theka la pulojekiti kuti limangidwenso.

Phindu lake ndi lenileni. Mu Januwale 2022, Ingo Molnar, mmodzi wa akuluakulu a Linux kernel, anatulutsa ntchito imene anaitcha Fast Kernel Headers, ndipo ananena kuti inakweza liwiro lomangira kernel ndi 50 mpaka 80 peresenti. Koma taonani mmene anaibweretsera: ma commit oposa 2,200, iliyonse ndi kasinthidwe kake kakang'ono. Ngakhale anachita choncho, ngakhale dzina lake ndi lalikulu chotero, mtolo wonsewo sunalowe mu kernel nthawi imodzi. Ndiye inu musadzimve kuti akuchitirani nkhanza.

Tsopano ku script yanu. Imati: ikamangika, ndiye kuti mzerewo unali wosafunika. Tiyerekeze kuti fayilo yanu imagwiritsa ntchito std::string, ndipo pamwamba pali #include <string> ndi #include "logger.h". Nayo logger.h imaitana <string> pa zifukwa zake. Script yanu ichotsa <string>, pulogalamu imangika, inu n'kusangalala. Koma mwachotsa mzere wolondola, umene unkanena zoona za fayiloyo. Tsopano fayilo yanu ili ngati munthu wolowa m'nyumba ndi kiyi wa mnzake: tsiku limene mnzakeyo adzasamuke, adzagona panja. Wina akadzakonza logger.h kuti isaitanenso <string>, fayilo yanu idzasweka, ndipo woswayo sanaikhudze n'komwe. Komanso simunapulumutse ngakhale sekondi imodzi, poti <string> ikubwerabe kudzera njira inayo.

Zimenezi zinaoneka poyera compiler ya GCC 13 itatuluka mu Epulo 2023. Ma header ena a libstdc++, library ya C++ imene imabwera ndi GCC, analeka kukoka <cstdint>, ndipo mapulogalamu ambiri amene ankagwiritsa ntchito uint8_t kapena uint32_t osaitana <cstdint> okha anakana kumangika. Anthu osamalira mapaketi a Linux anayenda pulojekiti ndi pulojekiti akuonjezera kamzere kamodzi komweko. Pa GCC 11 zinachitikanso ndi <limits>. Script yanu imapanga dala matenda omwewa, ndipo imawafalitsa m'mafayilo onse.

Chachiwiri, kompyuta yanu si dziko lonse. Khodi imene ili pakati pa #ifdef _WIN32 ndi #endif compiler yanu ya pa Linux siiona n'komwe, choncho header imene khodi imeneyo imafuna imaoneka ngati yangokhalapo. Muichotsa, kwa inu zili bwino, kwa a Windows kwada. N'chimodzimodzinso ndi khodi imene imamangidwa pa debug pokha, kapena pa ARM pokha. Ngakhale ma library a C++ enieniwo amasiyana: chimene <algorithm> imakoka mu libstdc++ si chimene imakoka mu libc++ kapena kwa Microsoft. N'chifukwa chake a Linux kernel, amene amasamalira mitundu ya ma processor pafupifupi 20, amayesa ndi mamangidwe osiyanasiyana monga allmodconfig ndi randconfig, osangodalira kamangidwe kamodzi.

Komabe zimenezi zimakuwa zikasweka, ndipo chokuwa chimakonzeka. Chimene oyang'anira amaopa kwenikweni ndi chosweka mwakachetechete. Tengani config.h, fayilo imene mapulojekiti ambiri amaikamo ma macro onena zimene zilipo pa makina. Penapake m'khodi mwalembedwa #if HAVE_ZLIB, kenako khodi yopanikiza data, kenako #endif. Mukachotsa #include "config.h", dzina la HAVE_ZLIB silidziwikanso, ndipo lamulo la C ndi C++ limati dzina losadziwika mu #if liwerengedwe ngati 0. Palibe cholakwa chimene chituluke. Pulogalamu imangika bwinobwino, kungoti mbali yonse ya zlib yasowa. Kwa script yanu kumeneko ndi kupambana! Mbendera ya -Wundef imachenjeza pa #if, koma pa #ifdef imakhala duu. Za mtundu womwewu zimachitikanso header ikakhala ndi specialization ya template kapena overload ya function: mukaichotsa, compiler imangosankha ina imene ikuiona, osadandaula.

Pali njira yodziwira ngati zoterezi zachitika, ndipo ndimadabwa kuti ndi ochepa amene amaigwiritsa ntchito. Sungani mafayilo a .o musanasinthe kanthu, mumangenso mutasintha, ndiye muyerekeze zotuluka za objdump -d. Ngati mwachotsadi zosafunika zokha, khodi ya makina iyenera kufanana. Musadzidzimuke mukaona manambala ena atasintha pamene pali assert: imagwiritsa ntchito __LINE__, ndipo mwachotsa mzere pamwamba, ndiye manambala onse atsika ndi 1. Kusiyana kwina kulikonse kufufuzidwe.

Ndikanakhala inu, ndikanayamba ndi kufunsa, ndisanalembe kalikonse, ngati ntchitoyi akuifuna komanso lamulo limene amatsata. Mapulojekiti sagwirizana pa nkhaniyi. Malamulo a kalembedwe a LLVM amati muziitana ma header ochepa mmene mungathere, mpaka amaletsa <iostream> m'mafayilo a library. A Google amalangiza kupewa forward declaration (kungotchula dzina la class osaitana header yake) n'kumaitana header yeniyeniyo. Onse ali ndi zifukwa zawo, ndipo patch yotsata lamulo la kwina ikanidwa ngakhale ikhale yaukhondo bwanji.

Kenako muyeze. Clang, kuyambira pa version 9, ili ndi -ftime-trace, imene imalemba nthawi imene yapita pa header iliyonse, ndipo ClangBuildAnalyzer imasonkhanitsa zotsatira za pulojekiti yonse n'kukuuzani ma header olemera kwambiri ndi amene akuwakoka. Mbendera ya -H imaonetsa mndandanda wa amene akuitana anzawo pa fayilo imodzi. Kawirikawiri mupeza kuti vuto lagona pa ma header owerengeka amene aliyense amadutsamo. Pamenepo ndiye pogwira. Kuchotsa #include mu fayilo ya .cpp kumathandiza fayilo imodziyo, mwinanso osathandiza. Kuichotsa mu header imene mafayilo chikwi amaiwerenga kumapeputsa onse chikwiwo.

Nthawi zambiri header imangofuna kudziwa kuti dzina lakuti ndi class, osati za m'kati mwake. Ngati ikungosunga pointer kapena reference, mzere wa class Socket; ukwanira m'malo mwa #include "socket.h", ndipo header yeniyeniyo ipite mu .cpp. Chenjerani ndi delete pa class imene compiler sinaione yonse, ndipo ngati pali std::unique_ptr, destructor ya class yosungayo ilembedwe mu .cpp.

Mukachita zimenezi mafayilo ena asweka, aja a kiyi wa mnzake aja, ndipo apa mpamene ambiri amadabwa: ntchito yochotsa ma #include imayamba ndi kuonjezera ma #include. Patch yoyamba ipatse fayilo iliyonse ma header amene imagwiritsadi ntchito. Imeneyi ndi yosavuta kuiwerenga, ndipo si kawirikawiri kuti iswe kanthu. Ikalowa, yachiwiri ndiye ichotse. Chida cha include-what-you-use, chimene chinayambira ku Google ndipo chinamangidwa pa Clang, chimaganiza motere: chimayang'ana dzina lililonse limene fayilo ikugwiritsa ntchito n'kufunsa kumene linalengezedwa, ndiye chimakuuzani zoonjezera ndi zochotsa. Chimatha kugwiritsa ntchito compile_commands.json, imene CMake imatha kukupangirani. Mu clang-tidy mulinso misc-include-cleaner kuyambira pa LLVM 17. Musazikhulupirire ndi maso otseka. Nazonso zimangoona kamangidwe kamene mwazipatsa, ndipo nthawi zina zimakuuzani kuti muitane header ya m'kati mwa library imene simuyenera kuigwira. Mzere umene mukudziwa kuti ndi wofunika muuteteze ndi ndemanga ya // IWYU pragma: keep, kuti wobwera pambuyo panu asauchotse.

Ma header amene library imapereka kwa anthu akunja ndi nkhani ina. Amene akudalira zimene amakoka simukuwaona, ndipo CI ya pulojekiti (makina amene amamanga ndi kuyesa khodi paokha) singakuuzeni za iwo. Amenewo asiyireni oyang'anira aganize okha.

Za kukula kwa patch, ganizirani munthu amene akuiwerenga madzulo ataweruka ku ntchito yake. Pa mzere uliwonse wochotsedwa ayenera kudzifunsa mafunso onse amene tadutsamowa. Patch yanu ikugundanso ndi nthambi za anthu ena amene asintha pamwamba pa mafayilo omwewo, ndipo ivutitsa pobweza zokonza ku ma version akale amene akusamalidwabe. Tumizani header imodzi, kapena foda imodzi. M'uthenga wa commit mulembe mizere imene preprocessor inkatulutsa poyamba ndi imene ikutulutsa tsopano, nthawi yomangira isanasinthe ndi itasintha, ndi makina amene mwayeserapo. Ngati Windows mulibe, nenani, ndipo mupemphe kuti CI yawo iyese.

Akulu, ndamva kuti ma module a C++20 athetsa ma header. Kodi si kutaya nthawi kukonza chinthu chimene chikupita?
— Wosafuna Kuvutika

Ma module amachotsadi kubwereza kuja, chifukwa module imamasuliridwa kamodzi ndipo ena amangoitenga ndi import. C++23 inabweretsanso import std. Koma zida zinachedwa: CMake inayamba kuwathandiza mokwanira pa version 3.28, kumapeto kwa 2023, ndipo pulojekiti imene iyenera kumangika ndi ma compiler akale singasamuke mawa. Chilankhulo cha C chilibe ma module, ndiye Linux kernel, PostgreSQL ndi anzawo olembedwa mu C akhalabe ndi ma header. Kwa a C++ amene akufuna kusamuka, ma module salola kuti awiri aziitanana mozungulira, ndiponso macro imene mwalemba musanachite import siilowa m'kati mwa module. Ma header opiringizana ayenera kumasulidwa kaye musanawasandutse ma module, ndipo ntchito yake ndi yomweyi tafotokozera mnzanuyu.