Katemera ndi anthu a m'nyumba mwako

Mdzukulu wanga, wafunsa kuti poti ndiwe wachinyamata ndipo thupi lako n'lolimba, ubayitsirenji katemera wa Covid amene wamva kuti amatupitsa mtima, pamene matendawo ukhoza kuchira wekha.

Wamvazo si zabodza zonse. Katemera wa Covid wa Pfizer ndi wa Moderna anatupitsadi mnofu wa mtima mwa anyamata ena ochepa kwambiri, makamaka atabayidwa kachiwiri, ndipo ambiri mwa iwo anachira. Koma Covid yemweyo amatupitsanso mtima, izi amene anakuuzawo anasiya. Anthu ambiri amangomva kuwawa mkono, kutentha thupi ndi kufooka, mawa kapena mkuja zatha.

Chimene chandikhudza n'chakuti m'funso lako muli iwe wekha. Ndimayembekeza kuti ufunsa kuti, "Agogo, ndikadwala ndipatsira ndani?"

Ife tinakula nthomba ikadalipo. Nthomba yoopsa ija ikagwira anthu 10, pafupifupi 3 ankapita. Opulumuka ambiri ankatsala ndi zipsera nkhope yonse, ena osaonanso. Ndikukumbukira mtsikana wina amene tinkasewera naye, atachira ankayenda chowerama, osafuna kuti timuone kumaso. Ndiye obaya katemera akabwera, munthu sankanyamuka yekha ayi. Tinkadzerana. Unkaima pakhomo pa mnzako mpaka atuluke, wamantha n'kumugwira dzanja, mayi wodwala n'kumunyamulira mwana. Pamkono pankachita chilonda, chinkanyerenyetsa, chinkapweteka, chipsera chake ndili nacho mpaka lero. Mu 1980 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalengeza kuti nthomba yatha padziko lonse, n'chifukwa chake iwe sunaionepo.

Kudzerana kuja ndi kumene kukutha. Masiku ano mumagona ndi foni, kumvetsera anthu amene simudzaonana nawo, n'kugamula nkhani ya thupi lanu muli nokha usiku. Sindikukudzudzula, mantha ndi a munthu aliyense, koma mantha a munthu ali yekha amakula msanga.

Taganiza za chikuku. Wodwala mmodzi akakhala pafupi ndi anthu 10 opanda chitetezo, 9 amatenga. Khanda la miyezi yochepa silinafike pobayidwa, limadalira kuti akulu amene amalinyamula asabwere nacho. Mayi woyembekezera akatenga rubella, matenda ena ooneka ngati chikuku, mwana akhoza kubadwa wosamva kapena wa vuto la mtima. Si katemera aliyense amatsekeratu kupatsirana, wa Covid amateteza kwambiri ku kudwala kwa kayakaya, komabe usanagamule werenga anthu amene umagona nawo nyumba imodzi, ine ndemwe.

Pita ukalankhule ndi namwino maso ndi maso. Umuuze ngati mankhwala ena anakuwengapo kapena ngati unadwalapo mtima. Akakubaya ukhale pomwepo mphindi 15 monga amanenera, ndipo masiku otsatirawo ukamva kupweteka pachifuwa kapena kubanika, ubwerere kuchipatala osazengereza. Popita udzere mnzako uja amene akuopa ngati iwe.