Ndalama zangokhala mu akaunti ya kampani, titani nazo?

Funso: Zikomo akonzi. Ine ndi mlamu wanga tili ndi kakampani ka limited kogulitsa zipangizo zomangira nyumba ku Mzuzu. Chaka chino geni yayenda ndithu moti mu akaunti mwatsala ndalama zongokhala. Alamu akuti tingogawana basi koma ine mtima sukundilola. Tithandizeni.

Yankho: Bambo, mwachita bwino kudekha. Ndalamazo si zanu kapena za alamu anu ayi, ndi za kampani, ndiye simungangotapa ngati za m'thumba. Mukagawana ngati dividend, kutanthauza phindu logawira eni kampani, pamadulidwa msonkho wa 10 peresenti ndipo zilembedwe m'mabuku.

Koma musanafike kumeneko patulani kaye za MRA, msonkho wa kampani ndi 30 peresenti ya phindu ndipo provisional tax, msonkho wolipiriratu chaka chisanathe, imafunika miyezi itatu iliyonse, apa mpamene ambiri amagwa, amadya ndalama akuyesa ndi phindu kenako chilango chabwera bizinesi yagwada. Sunganinso za malipiro a antchito ndi lendi, za miyezi itatu bola.

Zotsalazo musazisiye mu current account chonde, sizibereka kanthu pomwe mitengo ikungokwera. Mukukumbuka Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti? Funsani ku banki yanu za fixed deposit (kusungitsa ndalama kwa nthawi yoikika kuti zibereke chiwongoladzanja) kapena ma treasury bill (kubwereketsa boma ndalama kuti lidzabweze ndi chiwongoladzanja), omwe alipo a masiku 91, 182 ndi 364.

Ineyo pa geni yanuyi ndikanawonjezera katundu wosawonongeka monga malata, misomali ndi zitsulo. Simenti yokha musaunjike, ikakhalitsa imauma, makamaka ndi chinyezi cha ku Mzuzuko.