Pampu ya sump pa thanki ya malita 300: ya 6000 ija isiyeni

Achimwene, funso lanu la pampu yoyenera thanki yanu ndalimva. Thanki yanu ya nsomba za m'nyanja yamchere ndi ya malita 300, masentimita 120 mulitali ndi 50 mulifupi, sump (kathanki kosefera madzi) ili pansi m'kabati, ndipo wogulitsa akukuumirizani pampu ya AC ya malita 6000 pa ola. Isiyeni imeneyo. Ndi yaikulu mopitirira, ndipo mavuto ake mudzawaona usiku woyamba womwe.

Ntchito ya pampu imeneyi ndi kukweza madzi kuchoka mu sump kubwerera mu thanki, basi. Kuwindula madzi kuti makorali asangalale ndi ntchito ya wavemaker, kapampu kena kokhala mu thanki momwemo. Madzi odutsa mu sump akukwanira akamazungulira katatu mpaka kasanu pa ola, ndiye kwa inu tikunena malita 900 mpaka 1500 pa ola, ofika pamwamba penipeni. Mukapyola pamenepo overflow (polowera madzi otsikira ku sump) imalephera kumeza, paipi yotsitsa madzi imayamba kulira kholokholo, timathovu timadzaza thanki, ndipo skimmer (chochotsa zinyalala m'madzi ndi thovu) sipindulapo kanthu chifukwa madzi angoidutsa chothamanga.

Nambala yolembedwa pabokosi ndi ya pampu yomwe sikukweza madzi ngakhale pang'ono. Yanu idzakankha madzi mita imodzi ndi kanthu, kudutsa m'zigongono za paipi ziwiri kapena zitatu, ndipo chilichonse cha izi chimadyako mphamvu. Tembenuzani bokosi, kumbuyo kapena m'kabuku mumakhala tchati chosonyeza malita pa msinkhu uliwonse. Werengani pa mita imodzi ndi theka. Mudzapeza kuti pampu ya 3000 ikukupatsani pafupifupi zomwe mukufunazo.

Ineyo ndingakuuzeni kuti mutenge ya DC, ya pakati pa 3000 ndi 3500, yokhala ndi controller, kabokosi kosinthira liwiro. Za Jebao za mtundu wa DCP n'zotsika mtengo ndipo ambiri tikuzigwiritsa. Thumba likalola, Reef Octopus VarioS kapena Sicce n'zolimba kwambiri. Ubwino wa DC ndi woti mumachepetsa liwiro ndi batani, magetsi omwe ikudya nawo n'kuchepa. Imayamba pang'onopang'ono ikayaka, komanso ili ndi batani loimitsa pampu mphindi zochepa podyetsa nsomba. Palinso nkhani ya kutentha, yomwe anthu sailabadira mpaka Okutobala atafika. Pampu yomira m'madzi imasiya kutentha kwake konse m'madzi momwemo, ndipo makorali amafuna madigiri 25 kapena 26. Dzuwa la Lusaka la mwezi umenewo likaphatikizana ndi pampu yaikulu ya AC, mudzakhala mukupemerera sump ndi fani usana wonse.

Mukaitanitsa kunja, onetsetsani kuti ndi ya 220 mpaka 240V. Zambiri za ku America ndi za 110V ndi 60Hz, pomwe kuno tili pa 230V ndi 50Hz.

Ngati mwagula kale ya AC, sizinathe. Ikani valavu pa paipi yotuluka, osati yolowera. Kufinya kolowera kumaumitsa pampu khosi, imayamba kutsokomola ndipo impeller (kafani kokankha madzi mkati mwa pampu) imatha msanga. Valavu ya mtundu wa gate ndiyo imasintha mwaulemu. Ya ball ukangoikhudza pang'ono madzi asintha kwambiri. Zonse zikhale za pulasitiki. Ma fitting a PVC muwapeza m'mahadiweya a ku Kamwala, koma chilichonse cha mkuwa kapena brass chisayandikire madzi amenewa, mkuwa umapha makorali ndi nkhanu. Ikaninso union (cholumikizira mapaipi chomasuka ndi manja) pafupi ndi pampu kuti muzitha kuichotsa osadula paipi, ndi kachidutswa ka paipi yofewa kuti kabati isamanjenjemere.

Tsopano chomwe chikundidetsa nkhawa kwambiri pa nkhani yanu ndi malaiti. Tonse tikukumbukira 2024, madzi atachepa ku Kariba, mmene load shedding inkatalikira. Pampu ikazima, paipi yobwezera madzi imasanduka siphon, n'kuyamba kukokera madzi a mu thanki pansi mpaka kamwa yake itapuma mpweya. Pa thanki yanu, sentimita imodzi ndi malita 6. Kamwa ya paipi ikamira masentimita 5, ndiye kuti malita 30 akutsikira mu sump, kuwonjezera otsalira m'mapaipi. Sump yopanda malo amenewo idzasefukira pa kapeti inu muli ku ntchito. Kwezani kamwayo ikhale pafupi ndi pamwamba pa madzi, muboolenso kabowo ka mamilimita 3 kapena 4 pa paipi, pansi pang'ono pa mzere wa madzi, kuti mpweya ulowe msanga. Kabowoko kamatsekeka ndi ndere ndi mchere, muzikatokosa ndi kamtengo sabata iliyonse. Check valve, valavu yoletsa madzi kubwerera, musaidalire. Kankhono kamodzi kakakhala pakamwa pake sitsekanso.

Musanaike nsomba, yesani. Dzazani, yatsani, kenako zimitsani pa soketi muimirire pomwepo mpaka madzi atasiya kutsika. Mu sump mukhale malo otsala a zala zinayi kapena kupitirira. Yatsaninso, madzi akakhazikika lembani mzere ndi marker pa chipinda cha pampu mu sump: pothira madzi osapyola pamenepo. Ngati muli ndi inverter, pampu ya AC imafuna ya pure sine wave, pa zinazo imalira ndi kutentha.

Posintha liwiro yambirani pansi, muzikweza pang'ono n'kudikira mphindi zingapo nthawi iliyonse, maso ali pa overflow. Kuti mudziwe malita enieni, tcherani ndowa ya malita 10 pa paipi yotsitsa madzi. Ikadzadza m'masekondi 24, muli pa 1500 pa ola. M'masekondi 40, muli pa 900. Paliponse pakati pamenepo pomwe phokoso latha, siyani pomwepo.

Madzi ouluka ndi kutentha amachepera m'chipinda cha pampu, ndiye muziwonjezera a RO (osefedwa ndi makina a reverse osmosis) opanda mchere tsiku lililonse, kapena muike auto top-off, kachipangizo kowonjezera madzi kokha, pampu isayende youma. A m'mabowolo athu kuno ali ndi laimu wambiri, sayenera. Pakatha miyezi itatu iliyonse tulutsani impeller, muiviike mu viniga woyera maola angapo, mutsuke ndi mswachi wakale. Ndipo tumizani kukula kwa paipi ya overflow yanu, chifukwa ngati ndi imodzi yokha ya mamilimita 25, ndingakonde muyambire pa 900.